Imam al-Tabari ndi Udindo wa Wowerenga Mbiri

Imam Muhammad ibn Jarir al-Tabari (Allah awachitire chifundo) adabadwira ku Amol mu 839, ndipo adamwalirira ku Baghdad mu 923. Adatisiyira tafsir ya Qur'an, Jami' al-Bayan, ndi buku la mbiri, Tarikh al-Rusul wa al-Muluk, loyambira pa chilengedwe kulekezera chaka cha 915.

Mu Tarikh ankalemba nkhani pamodzi ndi isnad yake, ngakhale nkhani zotsutsana, ndipo adachenjezeratu kuti iwo angopereka zomwe adalandira kwa osimba. Choncho pophunzitsa za mikangano ya Maswahaba, tisamangoti "al-Tabari adatero". Tiyambe taona yemwe adasimba. Nkhani yodzera mwa Abu Mikhnaf, yemwe maulama a Hadith sadamukhulupirire, siingakhale umboni wodetsera mbiri ya Swahaba.