Za Opulumutsa Anthu pa Matsiriro a Mtsinje wa Tyne

Ku dziko la Mangalande, ca kumpoto cakum'mawa, kuli mtsinje dzina lace Tyne. Pamene mtsinjewu uthira m'nyanja yamcere pali midzi iwiri yopenyana: South Shields tsidya lakumwera, ndi Tynemouth tsidya lakumpoto. Kale ngalawa zambiri zonyamula malasha a ku Newcastle zinkapita pamenepo. Koma khomo la mtsinjewo linali loopsa, pakuti mbali yina kunali mcenga wobisika wa Herd Sand, ndipo mbali yinzace kunali matanthwe a Black Middens.

M'caka ca 1789 namondwe anakankhira ngalawa ya Adventure pa mcenga uja. Khamu la anthu linaima pagombe nilipenya amalinyero alikugwa m'madzi mmodzimmodzi kucokera pa milongoti, koma panalibe bwato lakuti nkulimbana ndi mafunde otere. Cisoni ndi manyazi zinagwira akuru a ku South Shields, kotero kuti analonjeza mphotho ya mapaundi awiri ndi masheleni awiri kwa munthu amene akalinganiza bwato losamira. William Wouldhave, mlembi wa pa chalichi, anabwera ndi cifanizo ca kabwato kodzitembenuza kokha kakagubuduka. Akuruwo anafuna kumpatsa theka la mphotho, iye nakana. Pambuyo pace anauza mmisiri wa mabwato, Henry Greathead, kuti apange bwatolo. Linalowa m'madzi mu 1790, dzina lace Original. Linali losongoka ku mbali zonse ziwiri kuti opalasa asabvutike ndi kulitembenuza, ndipo m'mbali mwace anaikamo makungwa opepuka, onga aja atsekera mabotolo. Linagwira nchito zaka 40, kufikira linasweka mu 1830.

Amene ankapalasa mabwato otere anali amuna a pamudzi pomwepo, makamaka aja odziwa kutsogolera ngalawa polowa mumtsinje. Pa 4 December 1849 amuna 24 anakwera m'bwato la Providence kukathandiza ngalawa ya Betsy. Funde lalikuru linagubuduza bwatolo, ndipo 20 a iwo anamira. Maliro amenewa anacititsa mfumu yina, Duke wa Northumberland, kulonjeza mapaundi 105 kwa wopanga bwato loposa onse. Anapambana ndi James Beeching wa ku Great Yarmouth mu 1851, ndipo bwato lace linali lodzitembenuza lokha. Cotero nzeru ija ya Wouldhave inabvomerezeka mwini wace atamwalira kale.

Komabe bwato silingafike ponse, makamaka pakati pa matanthwe. Pa malo otere alonda a boma a pagombe ankaponya kacingwe ndi mphamvu ya wonga kufikira ku ngalawa. Amalinyero akagwira kacingweko ankakoka cingwe cacikuru nacimanga pa mlongoti. Tsono anthu ankaoloka mmodzimmodzi atakhala m'cotengera colendewera pa cingweco, a kumtunda alikukoka. Nchito imeneyi ifuna manja ambiri, ndiponso manja ozolowera.

Usiku wa pa 24 November 1864 sitima ya Stanley, yocokera ku Aberdeen kunka ku London, inagunda matanthwe a Black Middens. Alonda anali owerengeka. Anthu a ku Tynemouth anathamangira kugombe ndi mtima wofuna kuthandiza, koma sanadziwe kagwiridwe ka zingwezo, ndipo zingwe zinakolana mumdima. Anthu oposa 20 anafa pafupi ndi mtunda, ndipo awiri a m'bwato la Constance, limene linapita kukawalanditsa, anatayanso moyo.

Apo munthu wina, John Morrison, anaona kuti anthu acifundo analipo ambiri, koma odziwa nchito ndiwo anasowa. Anakambirana ndi akuru a mudzi, mmodzi wa iwo John Foster Spence, ndipo pa msonkhano wa pa 5 December 1864 amuna oposa 100 analembetsa maina ao. Umo ndimo linayambira gulu la Tynemouth Volunteer Life Brigade, loyamba la mtundu wace m'dzikomo. Anali anthu odzipereka okha, osalandira malipiro. Ankaphunzira kuponya ndi kumanga zingwe nyengo ya bata, kuti pa tsiku la namondwe yense adziwe poima pace. Anamanganso nyumba ya ulonda pamwamba pa gombe, m'mene ankacezera usiku wa mphepo. A ku South Shields anatsata citsanzo cimeneci mu 1866, ndi midzi yina yambiri inateronso. Magulu awiriwa alipo kufikira lero, ngakhale zipangizo zao zasintha.

Mbiri imeneyi ionetsa kuti nzeru yatsopano iri yonse pa Tyne inagulidwa ndi miyoyo ya anthu, mu 1789, mu 1849 ndi mu 1864. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Koma a ku Tynemouth anapezanso kuti ngakhale mitu iri yambiri, denga limagwa ngati osenza sanapangane. Mphunzitsi wofotokozera ana nkhaniyi acita bwino kuwafunsa kuti: tsoka la madzi kapena la moto litagwa pamudzi pao usiku uno, ndani adziwa cocita, ndipo anaciphunzira liti?