MBIRI YA CIMANGA NDI NDIWO ZA MAKOLO ATHU

Aphunzitsi anzanga ndi akatekisti, m'cinenero cathu muli kanenedwe kamene tonse tikadziwa. Munthu angadye mbatata mbale yodzala, kapena maungu, kapena cinangwa cophika, koma mukamfunsa madzulo ngati wadya, adzayankha kuti, "Iai, lero ndagona ndi njala," pakuti sanaone nsima. Ndipo ponena nsima ambiri a ife tiganizira ufa woyera wa cimanga wokha, monga ngati ndiwo unalera mtundu wathu ciyambire. Mbiri yace siri yotero. Ndipo kutiyenera ife amene tiphunzitsa ana kuidziwa bwino, popeza ikhudza matupi ao.

Mbeu zakale za dziko la Afrika ndizo mapira ndi mawere. Mapira anayamba kulimidwa ku mbali za Sudan, mawere ku mapiri a Ethiopia ndi Uganda. Khobwe ndi nzama zinacokera ca kumadzulo kwa Afrika. Izi ndizo makolo athu anadzala m'nkhokwe zao zaka mazana ambiri. Akazi anapera mawere pamphero, nasinja mapira mumtondo, naphika nsima yofiirira, nafulula thobwa ndi cimera cace.

Cimanga ndi mlendo. Kwao ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kucilima zaka ngati 9,000 zapitazo. Columbus atafika ku maiko a Amerika m'caka ca 1492, mbeuyo inaoloka nyanja, ndipo m'zaka za m'ma 1500 inafika ku magombe a Afrika m'zombo za Apwitikizi, amene anakhazikikanso ku Sena ndi ku Tete pa mtsinje wa Zambezi. Akatswiri ena a zinenero ati dzina lomwe la cimanga licitira umboni ulendo wace, pakuti Aswahili acha dziko la Aarabu a ku Oman kuti Manga; potero cimanga ndiko kunena cinthu cocokera kwa amalonda a kunyanja. Sicinadze cokha ai: mtedza, nyemba, mbatata, cinangwa ndi maungu zonsezi nza ku Amerika komweko.

Pamene David Livingstone anakwera mapiri a ku Shire m'caka ca 1859, analemba kuti Amang'anja anali kulima mapira ambiri, pamodzi ndi mawere, nyemba, mtedza, maungu, mbatata, cinangwa ndi cimanga. Onani kuti masiku amenewo cimanga cinali mbeu imodzi mwa zambiri. Akuru ati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu sanakamuke; anakhala mwini mudzi. Zifukwa zace nzoonekera. Cimanga cikhwima msanga, ndipo cidyedwa cikali caciwisi pamene nkhokwe zatha. Makoko ace acibisa kwa mbalame, pamene mapira afuna ana oingitsa mbalame tsiku lonse. Ndipo mvula ikagwa bwino cibala koposa. Tsono m'zaka za m'ma 1900, pamene anthu anapita kunchito ku minda ya Azungu ndi ku migodi, phoso lao linapimidwa ndi ufa wa cimanga, nazolowera, nabwera naco cizolowezico kumudzi.

Koma pali cinthu cimodzi cimene cinatsalira ku Mexico. Eni ace a mbeuyi asanaipere amaiphika m'madzi a njereza kapena a phulusa. Macitidwe amenewa amasula cakudya cina cacing'ono cimene cimangika m'kati mwa njere, cimene lero cichedwa niasini, ndiyo vitamini B3. Cimanga cinayenda dziko lonse, koma mwambo wace sunayende naco. Ndipo kumene amphawi anacidya cokha, kopanda ndiwo zokwanira, kunabuka nthenda. Khungu lipserera m'malo owombedwa ndi dzuwa, pakhosi, pamanja ndi pamapazi, m'mimba mutseguka, nzeru zisokonezeka, ndipo wodwala akapanda thandizo amwalira. Sing'anga wa ku Spain, Gaspar Casal, anaizindikira m'caka ca 1735, ndipo a ku Italy anaicha pelagra, ndiko kuti khungu lokakala.

Zaka zambiri anthu anaiyesa nthenda yopatsirana. M'caka ca 1914 boma la United States linatuma sing'anga Joseph Goldberger akafufuze. Iye anaona kuti m'nyumba za ana amasiye ndi za odwala misala nthendayo igwira okhalamo, koma osati owasamala, amene anadya zina. Anaonjeza mkaka, nyama ndi mazira pa cakudya ca ana, nthenda nileka. M'caka ca 1915, ku Mississippi, akaidi 11 analola kudya zakudya za cimanga ndi ndiwo zocepa, ndipo itapita miyezi isanu, 6 mwa iwo anaoneka nayo. M'caka ca 1937 Conrad Elvehjem anapeza kuti cosowaco ndi niasini.

Tsono mudzafunsa kuti, Nanga makolo athu, amene sanadziwe mwambo wa ku Mexico, anapulumuka bwanji? Amai athu anadziwadi cidulo, koma anacithira m'therere, si m'cimanga ai. Cimene cinawachinjiriza ndico ndiwo. Taganizani mau akuti kutendera: mkazi asinja mtedza, nathira nsinjiro mu nkhwani, mu citambe, mu bonongwe kapena mu cigwada. Mtedza uli ndi niasini wambiri, ndipo usipa, matemba ndi nyama ziri naye. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zibwezera zomanga thupi zimene cimanga ciperewera. M'nyengo ya mvula anafutsa masamba nawasunga m'zikwatu, kuti mfutso uwafikitse m'cilimwe. Ana poweta mbuzi anadya masuku, matowo, bwemba ndi malambe. Mvula yoyamba inadza ndi ngumbi ndi bowa. Sanadziwe dzina la vitamini iri yonse, koma mbale ya ndiwo inacita nchito yace.

Mbiri ya dziko lathu lomwe itsimikiza ici, pakuti nthendayi inaoneka kwambiri kumene anthu analekanitsidwa ndi minda yao. M'caka ca 1912 sing'anga Hugh Stannus analemba za pelagra pakati pa akaidi a ku Zomba, anthu akudya phoso lopimidwa. Ndiponso m'caka ca 1990, pamene abale athu a ku Mozambique anathawira nkhondo m'Malawi, anthu oposa 17,000 anagwidwa nayo m'misasa. Phoso lao linali ufa wa cimanga, nyemba ndi mtedza. Koma mtedza unaleka kufika miyezi ingapo, ndipo nthenda inabuka. Ofufuza anapeza kuti amene anali ndi kadimba, kapena anapeza nsomba ndi mtedza, sanadwale monga anzao. Mtedza utabweranso, ndi niasini ataonjezedwa, odwala anacepa.

Tinene pang'ono za ufa. Pofuna ufa woyera mkazi akonola cimanga, napeta gaga, nabviika mphale masiku angapo, naisinja, naiyanika. M'gagamo ndi m'madzi otayidwawo mupita kamtima ka njere ndi mafuta ace, ndi mbali yaikuru ya mavitamini. Nkhuku ndi nkhumba ndizo zilandira. Mgaiwa usunga zonsezi, pakuti njere igayidwa yathunthu. Mau ace acokera ku kugaya, mau amene ali m'Cizulu momwe. Komabe anthu ambiri anauyesa ufa wa amphawi ndi wa kusukulu zogonera, naucitira manyazi pamaso pa alendo. Tisanyengedwe kuti mgaiwa pa wokha ukwanira. Niasini wace akali womangika, ndipo ufunabe ndiwo. Ndiponso cimanga kapena mtedza wocita cuku suyenera kudyedwa, pakuti cukuco cibala ululu umene uononga ciwindi.

M'zaka za 1938 ndi 1939 sing'anga B. S. Platt ndi anzace anatumidwa ku midzi ya m'dera la Nkhotakota, kukapima zimene anthu anadya caka conse. Mmodzi wa iwo, amene pambuyo pace anadziwika ndi dzina lakuti Jessie Williamson, anasonkhanitsa maina a zomera zothandiza za dziko lino, natulutsa buku lace m'caka ca 1955. Zambiri za m'menemo anaziphunzira kwa akazi a m'midzi. Cikhala cinthu ca manyazi ngati maina amene mlendo anawalemba mosamala aiwalika mwa ana a eni ace.

Cifukwa cace ndikupemphani, abale, zinthu zitatu. Coyamba, m'munda wa sukulu musadzale cimanga cokha. Pakhale mizere ya mtedza, nandolo ndi khobwe, ndipo bonongwe ndi luni zikamera zokha musazizule zonse. Caciwiri, pophunzitsa cinenero, tumani ana kwa agogo ao akafunse maina a ndiwo za kuchire, ndi nyengo yace, ndi kaphikidwe kace, ndipo muwalembe m'buku la sukulu. Cacitatu, mwana akabwera ndi futali kapena nzama zophika, asasekedwe ndi mnzace wogula buledi ndi zakumwa za shuga. Mphunzitsi ayambe ndiye kudya zotere pamaso pao. Ndipo inu akatekisti amene muyenda m'midzi, mukaona munthu khungu lace lapserera pakhosi ndi pamanja, musalole acibale kuthamangira kunena za ufiti. Mumtumize ku cipatala msanga, ndipo mufunse mwaulemu kuti m'nyumbamo mwakhala muli kuphikidwa ndiwo zanji.