Driving While Black

Ku America kuli mlandu woyendetsa galimoto utaledzera, umene amaulemba mwachidule kuti DWI. Anthu akuda a kumeneko anasintha chilembo chomaliza n'kupanga DWB, kutanthauza Driving While Black: kuyendetsa galimoto uli munthu wakuda. M'malamulo mulibe mlandu wotere. Mawuwa, amene anafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990, amanena za dalaivala amene wapolisi wamuimitsa chifukwa cha khungu lake, kenako n'kumufunira cholakwa.

Cholakwacho sichisowa. Mu 1996, pa mlandu wa Whren, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti wapolisi akaona kuphwanya lamulo la pamsewu, ngakhale kochepa, ali ndi ufulu woimitsa galimoto, kaya mumtima mwake muli zotani. Nyali imodzi ikazima, basi, khomo latseguka.

Wapolisi anaimitsa Philando Castile, dalaivala wakuda, mu 2016 ku Minnesota ponena kuti nyali yakumbuyo yafa. Apolisi anali atamuimitsapo kale maulendo opitirira 40. Ulendo umenewo wapolisi anamuwombera, bwenzi lake ndi kamwana ali m'galimotomo, ndipo khoti linamupeza wapolisiyo wosalakwa. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero.

Akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anaunika maulendo pafupifupi 100 miliyoni amene apolisi anaimitsa magalimoto. Anapeza kuti kukada, pamene nkhope ya dalaivala siioneka bwino, gawo la anthu akuda pakati pa oimitsidwa limatsika. Ndiye chifukwa chake makolo akuda amalangiza mwana akangotenga laisensi: wapolisi akamuimitsa, manja akhale pachiongolero, ndipo asapise m'thumba asanapemphe.