Chilala cha 1949 ndi Nkhokwe ya Dziko

Anthu amene anaona njala ya 1949 ndi maso awo atsala owerengeka, koma m'midzi ya ku Lunzu, Lirangwe ndi Chileka chaka chimenechi sichinaiwalike. Kwa nthawi yaitali makolo akafunsidwa zaka za mwana ankayankha kuti anabadwa njala isanagwe, kapena njala itangotha.

Mvula ya dzinja limenelo inayamba monga mwa masiku onse. Anthu anabzala, chimanga chinamera, koma mu Disembala 1948 mvula inadula, ndipo dzuwa linang'amba kufikira Januwale 1949. Mmera unafota ndi kuuma uli chiimire. Ena anabzalanso kawiri kapena katatu mpaka mbewu yosunga inawathera, osapindula kanthu. Chilalacho chinakhudza chigawo cha kumwera ndi mbali ina ya chigawo cha pakati, koma kumene njala inaluma kopambana ndi m'boma la Blantyre.

Chilala sichinali chinthu chachilendo m'dziko muno. Chinagwapo m'zaka za 1862 ndi 1863, pamene amishoni oyamba anali atangofika ku Magomero, ndipo chinagwanso mu 1922. Makolo akale anali ndi njira zawo zodzitetezera. Pambali pa chimanga ankalima mapira ndi mawere, mbewu zopirira dzuwa. Anali ndi madimba m'mbali mwa mitsinje. Ndipo nkhokwe ikatha ankapita kukasuma kwa abale a kutali. Tsono pofika 1949 zambiri mwa njira zimenezi zinali zitafooka. Chimanga, chimene sichichedwa kufa mvula ikadula, chinali chitalanda malo a mapira m'minda yambiri. Nthaka yabwino ya ku mapiri a Shire inali m'manja mwa eni maesiteti, ndipo anthu anapanikizana pa malo otsala, kulima munda umodzimodziwo chaka ndi chaka osaugoneka.

Boma la atsamunda nalonso linali litaikapo dzanja lake. Mu 1947 bungwe la Maize Control Board linayamba kuyang'anira malonda a chimanga, ndipo mtengo umene linkagulira kwa alimi unali wotsika. Mlimi sanaone chifukwa cholimira chimanga choposa chakudya cha banja lake. Choncho pamene chilala chinafika, bungwe lomwe linakhazikitsidwa kuti lisamale chakudya cha dziko linapezeka lilibe chimanga chokwanira chosunga. Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene anali atangofika mu 1948, anayenera kuitanitsa chakudya kunja, ndipo chakudyacho chinatenga miyezi kuti chifike.

Chimene chimamvetsa chisoni kwambiri m'mbiri imeneyi ndi kagawidwe ka chakudya chija chitafika. Poyamba chinkagulitsidwa, osati kuperekedwa kwaulere, pakuti akuluakulu a boma ankakhulupirira kuti wosauka aliyense m'mudzi ali ndi abale omudyetsa. Wapantchito, kaya m'boma kaya pa esiteti, ankalandira phoso. Amene anali ndi ndalama ankaima pa mzere ndi kugula. Nanga mayi wa ana anayi, wopanda ntchito yolembedwa, akanagula ndi chiyani? Amayi ambiri ankapeza ndalama pofulula mowa, koma kufulula kunaletsedwa pofuna kusunga chimanga, ndipo maganyu anasowa chifukwa olemba ganyu nawonso analibe cholipira.

Amuna ambiri ananyamuka kukasuma ku Neno, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi kutsidya kwa malire ku Mozambique. Ena anabwerera atasenza chakudya. Ena sanabwerere. M'dera la chikamwini, kumene mwamuna ndi mlendo pamudzi wa mkazi wake, kunali kosavuta kuti mkamwini abwerere kwawo kukadya kwa alongo ake, kapena akakwatire kumene kunali chakudya. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, amene anacheza ndi anthu a m'boma la Blantyre ndi kusindikiza buku la njalayi mu 1987, anapeza kuti amayi ankaikumbukira monga chaka chimene maukwati anatha, ndipo anasunga madandaulo awo m'nyimbo za pamtondo. Otsala pamudzi anadya gaga, mango osapsa owiritsa, ndi mpama, umene ukapanda kuphikidwa bwino umapha.

Nthawi yoopsa koposa inali kumayambiriro kwa 1950, mbewu zatsopano zisanache, ndipo apa m'pamene misasa yodyetserako ovutikitsitsa inadzaza ndi nkhalamba ndi ana otupa miyendo. Chiwerengero cha boma chinati anthu pafupifupi 200 anafa ndi njala. Chiwerengero chimenechi sichiphatikiza awo amene anafa ndi matenda thupi litafooka kale.

Njala itapita, boma linafuna wolakwa, ndipo linaloza mlimi. Linati anthu achuluka, akuwononga nthaka, ndiponso akutaya nthawi ndi fodya. Pamenepo malamulo a malimidwe anakhwimitsidwa: kulima mizere yopingasa malo otsetsereka, kukumba migula, kusosa ndi kubzala pa nthawi yoikika, kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Kunena zoona, zina mwa izi zinali nzeru, ndipo mizere yopingasa ikulimidwabe mpaka lero. Koma zinabwera ndi chindapusa ndi ndende, ndipo alangizi anasanduka ngati apolisi a m'munda. Mawu akuti malimidwe anakhala mawu odedwa m'midzi, ndipo a Nyasaland African Congress anapeza anthu ambiri owatsatira chifukwa cha mkwiyo umenewu. Kuletsa kulima m'mbali mwa mitsinje kunapweteka makamaka, pakuti dimba ndilo linali pothawira chaka cha chilala.

Za nkhokwe yaikulu ya dziko lonse, imene kusowa kwake kunasandutsa chilala kukhala imfa, zinatenga zaka makumi atatu. Bungwe logula mbewu linasintha maina kangapo mpaka linakhala ADMARC mu 1971, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nkhokwe za simenti za ku Kanengo mu Lilongwe, zotha kusunga matani 180,000 a chimanga, zinayamba kugwira ntchito. Mu 1999 udindo wosamala chimanga chosungacho unaperekedwa kwa National Food Reserve Agency. Komatu pofika 2001 chimanga chija chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse, zokolola za chaka chimenecho zinachepa, ndipo mu Febuluwale 2002 boma linalengeza kuti m'dziko muli tsoka la njala, nkhokwe za ku Kanengo zili zopanda kanthu.