Mwana Wosayankha Akaitanidwa: Mbiri ya Dzina ndi Maphunziro ku Migodi ya Bindura

Tauni ya Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central, inakula chifukwa cha migodi ya golide ndi nikelo pamodzi ndi mafamu a m'chigwa cha Mazowe. Ambiri mwa amene anakhetsa thukuta kumeneko anachokera ku Nyasaland, kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena anayenda okha wapansi, ena anapita pa Mthandizi. Pamene mgodi wa Trojan unkayamba kutulutsa nikelo m'zaka za m'ma 1960, Chicheŵa chinali chikumveka kale m'makomboni. Funso lathu m'nkhani ino ndi ili: mwana wa m'mabanja ameneŵa, amene makutu ake ngabwino koma sayankha akaitanidwa, ankatchulidwa dzina lanji, ndipo dzinalo linkamfikitsa kuti?

Maphunziro a ana aulumali m'dzikoli anayamba ndi amishoni. Mpingo wa Dutch Reformed unatsegula sukulu ya akhungu, imene inadzakhazikika ku Copota, ndi ya ogontha ku Morgenster. M'chaka cha 1950 Jairos Jiri anayambitsa bungwe lake ku Bulawayo. Ntchito zonsezi zinkathandiza makamaka amene ulumali wao unali woonekera. Mwana wopeŵa kuyang'ana anthu m'maso, wobwereza mawu a ena ngati phanga, wolira kolapitsa mukangosintha pamene mumaika mbale yake, analibe khomo logogodapo. Chikhalidwe chotere, chotchedwa autism, anachifotokoza Leo Kanner ku Baltimore m'chaka cha 1943 ataona ana 11. Ndipo m'chaka cha 1978 Victor Lotter anaonetsa kuti chimapezekanso pakati pa ana a mu Africa.

Apa mpamene katswiri wa zinenero ali ndi mawu. Posoŵa dzina lenileni, anthu ankangoti chitsiru kapena chidzete, monganso Chishona chimanenera kuti chirema ndi chimumumu. Maina onseŵa ali m'gulu la chi- ndi zi-, limodzi ndi chinthu ndi chipande. Timati "mwana wabwera", koma "chitsiru chabwera": mgwirizano weniweniwo wa mawu umamchotsa mwanayo pakati pa anthu. Ndipo amene wachotsedwa m'chinenero, sachedwa kubisidwa m'nyumba, amake ndi kumanenedwa kuti analodzedwa kapena anaphwanya mwambo.

Ufulu wa 1980 unatsegula njira. Bungwe la Zimcare Trust linakhazikitsidwa mu 1981, ndipo mu 1983 United College of Education ku Bulawayo inayamba kuphunzitsa aphunzitsi a ana aulumali, kotero kuti ntchitoyi inasanduka ya munthu woiphunzira, osati ya chifundo chokha. Lamulo loteteza anthu aulumali linadza mu 1992. Komabe lamulo la maphunziro la 1987 linatsogoza Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Chicheŵa ndi chinenero cha manja zinaloŵa m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka ndi malamulo aakulu a dziko mu 2013.

Kuchedwa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Mwana woleredwa ndi agogo olankhula Chicheŵa akhoza kukhala chete m'kalasi chifukwa cha chinenero chachilendo. Winanso akhoza kukhala ndi autism, aphunzitsi ndi kumangoti ndi mwana wa obwera, adzazoloŵera. Woyambayo amamasuka mukamlonjera m'chinenero cha kwao. Wachiŵiriyo vuto lake limamtsata m'zinenero zonse, ndipo zaka zoyambirira, zimene chithandizo chimapindula kwambiri, zimampita.

Motero amene afuna kugwira ntchito imeneyi ku Bindura ayenera kudziŵa chinenero cha pakhomo pa mwanayo, kuti amve bwino zimene amake akhala akuona chibadwire chake. Ife a zinenero udindo wathu ngwochepa koma ngwoyamba: kaya tibwereka liwu lakuti autism kaya tipanga lathu, chiganizo chiyambe ndi mwana, ndipo mneni agwirizane ndi mwanayo.