Kuyeza kupanikizika kwa minyewa ya kumunsi kwa msana

Ululu woyambira m'chiuno n'kutsika ndi mwendo mpaka kuphazi, umene madokotala amautcha sciatica, umabwera muzu wa mnyewa ukapanikizika kapena kutupa pamalo pamene umatulukira m'msana. Nthawi zambiri chopanikiza chimakhala disiki, kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa awiri a msana, kakang'ambika n'kufutukukira kunja. Pa madisiki 10 ong'ambika kumunsi kwa msana, pafupifupi 9 amakhala pakati pa mafupa otchedwa L4 ndi L5, kapena L5 ndi S1. Zoti disiki ndi imene imautsa ululuwu zinamveka bwino mu 1934, madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, atafalitsa zimene anaona pochita maopaleshoni.

Njira yotchuka yoyezera vutoli ndi yokweza mwendo. Wodwala amagona chagada, dokotala n'kumanyamula mwendo wopwetekawo pang'onopang'ono, bondo lili lowongoka. Ululu uja ukathamanga mpaka kupitirira bondo, mwendo uli pakati pa madigiri 30 ndi 70, amati mnyewa wakhudzidwa. Kukungika kwa minofu ya kuseri kwa ntchafu sikuwerengedwa, ngakhale apa m'pamene oyeza amasiyana kwambiri. Njirayi imadziwika ndi dzina la Charles Lasègue wa ku France, koma anailemba ndi wophunzira wake, J. J. Forst, mu 1881, ndipo Laza Lazarević wa ku Serbia anali ataifotokoza kale mu 1880.

Pofuna kudziwa ngati njira yoyezera ndi yodalirika, pamakhala mafunso awiri: kodi mwa odwaladi imagwira angati, nanga mwa opanda vutolo imanamizira angati? Mu 2010 bungwe la Cochrane linatulutsa kawuniwuni wotsogoleredwa ndi Daniëlle van der Windt, wophatikiza kafukufuku 19. Mwa anthu 100 amene opaleshoni inatsimikiza kuti disiki yawo inang'ambika, kukweza mwendo kunagwira pafupifupi 92. Koma mwa 100 amene disiki yawo inapezeka yabwinobwino, 72 anamvanso ululu womwewo. Ndiye kuti wodwala akabuula pokwezedwa mwendo, dokotala sanadziwe zambiri. Akapanda kumva kanthu m'pamene mpata woti disiki yang'ambika umachepa.

Pali njira ina yofanana nayo, imene Fajersztajn analemba mu 1901, yokweza mwendo wabwinowo n'kuona ngati wopwetekawo umva ululu. Imeneyi imachita mosemphana. Imagwira odwala 28 okha pa 100, koma imanamizira anthu 10 okha pa 100 opanda vutolo. Siionekaoneka, koma ikaoneka ndi yofunika kuisamala.

Manambala amenewa ali ndi chilema chimene mabuku ena amachilumpha. Ambiri mwa anthu amene anayezedwa anali osankhidwa kale kuti akachitidwe opaleshoni, ndiye kuti odwala kwambiri. Kafukufuku mmodzi yekha ndi amene anachitikira kumene wodwala amayambira kuonana ndi dokotala. Choncho si nzeru kutenga 92 uja n'kumuyembekezera pa munthu aliyense wobwera kuchipatala chaching'ono akudandaula m'chiuno. Pamene zotsatira ankaziyerekezera ndi zithunzi za makina ojambula m'thupi m'malo mwa opaleshoni, manambala ankasiyanasiyana kwambiri. Nazonso zithunzizo si mboni yangwiro. Mu 1994 Maureen Jensen ndi anzake anajambula ndi makina a MRI anthu 98 osamva msana ngakhale pang'ono, ndipo oposa theka anapezeka ndi disiki yofufuma, pamene 27 pa 100 inali itatulukiratu pang'ono.

Njira zina zimathandiza kulozera muzu umene wakhudzidwa. Dokotala amagogoda pansi pa bondo poyesa muzu wa L4, amauza wodwala kudzutsa chala chachikulu chakuphazi kapena kuyenda ndi zidendene poyesa L5, ndipo amagogoda kuseri kwa kakolo kapena kumuyendetsa ndi zala zakuphazi poyesa S1. Amafufuzanso pamene pachita dzanzi. Mizu yam'mwamba amaiyesa wodwala atagona chafufumimba, n'kumupinda bondo. Njira iliyonse payokha inapezeka yofooka, ndipo kugogoda kakolo kumasocheretsa mwa okalamba, poti ambiri phazi lawo silidzidzimuka ngakhale alibe vuto. Kuphatikiza njira zingapo pamodzi ndi mbiri ya matendawo, makamaka ngati mwendo ukupweteka kuposa msana, kumakweza kudalirikako, koma pang'ono.

Zizindikiro zina sizidikira kuyeza kotereku. Dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, kukanika kukodza kapena kudziwonongera, ndiponso kufooka kwa miyendo kumene kukukulirakulira, zimasonyeza kuti mtolo wonse wa minyewa ya kumunsi kwa msana wapanikizika, vuto lotchedwa cauda equina syndrome. Wodwala wotere amafunika kujambulidwa tsiku lomwelo, ndipo vutolo likatsimikizika opaleshoni imachitika mwamsanga.