Nkhokwe ya Onse ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Kusonkherana chakudya sikunabwere ndi mabungwe. Ansembe a White Fathers asanakhazikitse mishoni ya Mua mu 1902, midzi ya m'munsi mwa mapiri a Dedza inali kale ndi njira zake. Pa dima, mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, anzake nkudzamulimira tsiku limodzi. Pa chidyerano, mabanja ankabweretsa nsima ndi ndiwo pamalo amodzi, motero mwana wamasiye ankadya osapempha. Mipingo inangomanga pa maziko omwewa: chopereka cha masika, komanso miphakati imene Akatolika anayambitsa m'zaka za m'ma 1970, momwe akhristu amayendera odwala ndi okalamba atanyamula ufa.

Ena amati thandizo lotere limalimbikitsa ulesi, ndipo kudyetsa anthu ndi udindo wa boma. Koma pa dima wothandizidwa lero ankagwira khasu m'munda wa mnzake mawa, pakuti kupatsa nkuika. Za boma, njala ya 2002 inatiphunzitsa. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndipo pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza za ngoziyo mu February, anthu anali atayamba kale kudya mizu ndi gaga. Zoona, chilala chikagwa dera lonse, nkhokwe ya mudzi siingakwanire. Komabe ndi imene imasunga moyo galimoto za thandizo zisanafike. Mafumu ndi mipingo aitsitsimutse, banja lililonse lizipatula ndowa imodzi pokolola.